Galimoto ya Akimu Yokwawa ndi Mimba

Akimu atabwerako ku Joni ndi galimoto yofiira, mpanda wa nyumba ya lendi ya bambo Festus ku Balaka unasanduka galaja. Galimotoyo inalibe vuto, koma mwini wake ankati yatalika miyendo ngati thirakitala. Akuti ku Joni galimoto ya mnyamata wozitsata imayenda mimba ikununkhiza msewu. Loweruka linali tsiku la ndowa yake, ukwati wa kumzikiti, ku Ulongwe, ndipo ankafuna kukamutenga mkwatibwi wake Rashida m'galimoto yoti mudzi wonse ukayisimbe. Akuchikazi anali atavomera ukwatiwo monyinyirika. Amalume a mtsikanayo, a Twalibu, ankati mnyamatayu pakamwa pake pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Akimu anabwereka jeke ndi chodulira zitsulo, n'kuchotsa masipuling'i onse, n'kumawadula ngati nzimbe. Poyeza msinkhu wa galimoto, tepi analibe nayo ntchito. Ankangolowetsa zala pakati pa tayala ndi madigadi. Zikalowa zinayi, wadula. Zikalowa zitatu, wadulanso. Zitatsala ziwiri anaimba likhweru.

Bambo Festus, mphunzitsi wopuma ntchito, ankaonerera ali pakhonde.

"Achimwene, mukuiyezatu ilibe munthu. Nanga akakweramo amalume anu aja? Zitsulo zodulazi zikakhazikika itsikanso. Bwanji muitulutseko kaye, muone ngati pageti..."

"Iyayi, bambo," anawadula Akimu. "Za galimoto tisiyireni ife amene tinayenda. Inu zanu ndi choko."

Kuitulutsa anakana, akuti anthu angaionere tsiku lisanafike. Anaifunditsa lona.

Pagetipo panali chitunda cha simenti chimene bambo Festus anamanga kuti madzi a mvula asamalowe mumpanda. Akimu ankachiponda tsiku ndi tsiku popita kumsika, koma zala zake zija sizinakayezeko kumeneko.

Loweruka m'mawa anavala mkanjo woyera mbee. Kumbuyo kunakhala amalume ake awiri, amuna oti chakudya chimawayanja, ndipo kubuti kunalowa sutikesi ya mkwatibwi ndi thumba la mpunga. Matayala akutsogolo anakwera chitunda bwinobwino. Kenako, khwee! Galimoto inakhala pachitundapo ndi mimba. Munthu wanzeru akanaleka pomwepo, koma Akimu anaponda moto. Matayala anazungulira, utsi tolo, ekizozi inathothoka, ndipo oyilo anayamba kuyenderera mpaka mumsewu.

Amalume anatsika n'kukankha, koma ayi ndithu, kutsogolo sikupita, kumbuyo sibwerera. Akabaza anaimika njinga zawo n'kuunjikana.

"Bwana, imeneyi ndi galimoto kapena bakha wafungatira mazira?" anafunsa wina, anzake n'kufa nako kuseka.

Akimu anathamangira kukhonde. "Bambo, chonde, tigumuleko chitundachi. Ndichedwa kundowa!"

"Pepani achimwene," anatero bambo Festus akupemerera tiyi wawo. "Ine zanga ndi choko."

Akimu analowa pansi pa galimoto ndi mkanjo womwewo, n'kutulukamo akuoneka ngati wogulitsa makala. Mapeto ake anakwera kabaza mpaka kudepoti, iye amene ankati njinga sadzaikweranso moyo wake wonse. Minibasi imene anakwera nayo inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Anafika ku Ulongwe dzuwa litapendeka, ashehe atatopa kudikira n'kupita kumaliro, alendo atadya n'kubalalika. Rashida anali m'nyumba, maso ali psuu ndi kulira, ndipo anakana kutuluka.

A Twalibu anamumvetsera Akimu mpaka anamaliza kufotokoza, akuyang'ana mkanjo wa oyilowo.

"Ndiye galimotoyo siinachite ngozi panjira? Ili pakhomo panu pomwe?"

"Ili pageti, amalume."

"Munaidula nokha, munaiyeza nokha, osaganiza kuti idzatulukira pati. Mwana wathuyu akadzadwala, mudzamutulutsa bwanji? Bwererani. Za ndowa ziiwaleni."

Akimu analira ngati mwana, ndipo kunena zoona anamvetsa chisoni, chifukwa Rashida ankamukondadi. Koma chisoni sichitalikitsa chitsulo chodula. Galimotoyo inagona pagetipo mpaka anapeza masipuling'i ena, alendi anzake akudutsa cham'mbali uku akumutukwana. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.