Ndime Yachiwiri ya Bilu ya Makwinja

Phungu wa Nyumba ya Malamulo, bambo Twaliki Makwinja, anafika kwa Shehe Imedi Mkwepu itangotha swala ya Asiri, pemphero la Asilamu la chakumadzulo. Galimoto anaisiya kumsewu waukulu n'kuyenda wapansi, poti sanafune kuti anthu amuone. Anawapeza Shehe pakhonde la shopu yawo yautelala, akusoka mkanjo wa munthu.

Atapatsana salamu, Makwinja anadziponya pabenchi. Panali patatha milungu itatu tulo tisakubwera bwino.

"Shehe, ndabwera ndi funso. Ndatopa kulisenza ndekha."

"Nenani, Olemekezeka. Ndikalidziwa ndiyankha. Ndikapanda kulidziwa, ndinenanso kuti sindidziwa."

Makwinja anafotokoza. Komiti yake inakonza bilu yokhwimitsa chilango cha ozembetsa mankhwala ozunguza bongo. Ndime yoyamba inkati wogwidwa atanyamula mankhwalawo akhale kundende zaka makumi atatu. Yachiwiri, imene analemba yekha, inkati mwini katundu ndi mwini galimoto nawonso azengedwe mlandu, chuma chawo chilandidwe, ngakhale atakhala andale.

"Akuluakulu achipani andiitana kanayi," anatero. "Akuti yoyamba isiyeni, yachiwiri ichoke. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa, kungoti palibe amachitchula. Malole amene amatitengera anthu kumisonkhano yachipani ndi omwewo amene amadutsitsa chamba ndi ufa woyera uja pamalire. Ndikakana, bilu yonse ifa, ndipo pachisankho chikubwerachi aimika wina m'malo mwanga. Ndikavomera, theka lidutsa. Ndiye ndiuzeni, Shehe: kodi theka la lamulo silabwino kuposa kukhala opanda kanthu?"

Mumtima ankalakalaka atamva kuti inde. Akanabwerera kwawo n'kukagona.

Shehe anachotsa phazi pamakina, nadula ulusi mosafulumira.

"Za Nyumba ya Malamulo ine sindizidziwa. Chimene ndimadziwa ndi ndende, chifukwa Lachinayi lililonse ndimakaphunzitsako Qur'an. Omangidwa pamilandu imeneyi alipo khumi ndi anayi. Wina anali kondakitala wa minibasi. Wina ndi mayi wogulitsa tomato, amene anapatsidwa chikwama kuti akachisiye kudepoti. Ena ankadziwa chimene anyamula, sindikuwayeretsa ayi. Koma mwa onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi lole. Mundilole ndifunse: theka lanulo likadutsa, ndizikapezako ndani?"

Makwinja anayang'ana pansi. Nkhuku inadutsa pakhonde, iye n'kumangoitsata ndi maso.

"Omwewo," anayankha.

"Omwewo. Kungoti azikakalambira komweko."

"Koma Shehe, ndalimbana nazo zimenezi zaka zisanu ndi ziwiri!" Mawu ake anakwera, kenaka anagwa okha. "M'dera langa ndaika m'manda anyamata atatu amene anapenga ndi mankhwalawa. Anzanga m'komiti amandigwira dzanja kuseri, tikalowa m'Nyumba amakhala chete. Ndine munthu mmodzi. Mphamvu zandithera."

Shehe anadzuka, nathira madzi m'kapu, namupatsa ndi manja awiri. Anadikira mpaka atamwa.

"Kutopa si tchimo, Olemekezeka. Allah akudziwa kulemera kwa chimene mwasenza, ndipo sadzakufunsani chifukwa chake bilu inafa m'manja mwa ena. Koma chimene akukupemphanicho si theka la lamulo. Ndi lamulo lathunthu, lopondereza wonyamula ndi kutchinjiriza womutuma. Akufuna lituluke m'dzina lanu chifukwa anthu akadali kukukhulupirirani inu. Mpando angathe kukulandani. Mipando yonse imasiyidwa. Koma dzinalo musawabwereke. Ndi limene mudzaitanidwe nalo pa tsiku la Kiyama, tsiku lachiweruzo, ndipo kumeneko chipani sichidzayankha nawo."