Chingwe cha Lastone

M'zaka zimenezo munthu wa ntchito ku Kafue ankayenda mapewa ali m'mwamba. Mafakitale anali atangomangidwa, nyumba za kampani zinali ndi magetsi ndi mpopi pakhomo, ndipo Loweruka masana komboni yonse inkanunkhira nsomba zokazinga. Lastone Sakala, mwana wa ku Katete, anali mmodzi wa odya bwinowo. Ankasoka matumba ku fakitale ya feteleza, anali ndi njinga yakeyake ndi wailesi yaikulu, ndipo mkazi wake Ennie anali ndi pakati. Mimba yoyamba inapita padera, choncho ulendo uno Ennie ananenetsa kuti sadzachira popanda amayi ake pambali. Uthenga unali utapita kale kumudzi, ndipo amayiwo, aNaphiri, anayankha kuti adzanyamuka akatha kukolola mtedza.

Tinene zoona, Lastone sanali munthu woipa mtima. Nthenda yake inali imodzi: ankakonda kuti akayankhula, ena akhale chete.

Kenaka nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi inayamba kutayikira kuno. Kunkamveka za ndeke za adani, za mabomba, za akazitape, amene m'komboni ankawatcha masipai, otumidwa kudzaphulitsa milatho. Mantha amenewo sanali opeka, pakuti Kafue ali ndi mlatho wa njanji ndi mafakitale oti mdani angawakhumbire. Boma linati aliyense akhale maso. M'komboni munasankhidwa komiti ya chitetezo, ndipo popeza Lastone anali ndi mawu omveka kutali, utcheyamani unagwera iye.

Poyamba zinali bwino. Amuna ankasinthana kulondera, ndipo anthu ankagona tulo. Koma mpando ukakoma, munthu amafuna kuukulitsa. Lastone anamanga chingwe chopingasa njira yochokera pa siteji ya basi, nalamula kuti mlendo aliyense aime pamenepo, anene kumene akupita, katundu wake amasulidwe poyera. Anthu anang'ung'udza sabata yoyamba, yachiwiri anazolowera. Kenaka analetsa madoda kusonkhana pansi pa mtengo posewera nsolo, ati gulu limabisa zambiri. Nazonso anazolowera. Ndani akanatsutsa, pamene wotsutsa ankafunsidwa kuti ali mbali ya ndani?

Woyamba kulawa zowawa anali Abel Hamoonga, msodzi wokhala nyumba yoyandikana ndi ya Lastone. Amuna a komiti anamupeza m'bwato pafupi ndi mlatho, malo amene atate ake ankatcherapo maukonde njanji isanakhale ndi alonda. Anamutengera kwa tcheyamani, tcheyamani namupereka ku polisi. Madzulo ake Febby, mkazi wa Abel, anabwera nagwada pakhonde.

"Ba Lastone, imwe mumuziba Abel," anatero Febby. "Nsomba zake mumadya. Yendani chabe mukakambe kuti ni musodzi."

"Amai, ngati alibe mulandu azabwela," anayankha Lastone, akupukuta njinga. "Ndipo mvelani, kuyambila lelo aliyense wokambilako munthu wogwiliwa, nayeve tizamutenga. Masipai bali na banzao."

Mawu amenewa, oti woyankhulira wogwidwa nayenso agwidwe, anamukomera mwini wake kwambiri, moti m'mawa mwake anakawatula kwa mkulu wa polisi, amene anagwedeza mutu n'kunena kuti ndi nzeru. Ennie yekha ndiye anayesa kumubweza. "Abel sanalakwe, imwe muziba," anatero akumupatsa madzi osamba m'manja. Lastone anamuuza kuti za chitetezo si za akazi, nadya nshima yake mtima uli m'malo. Masabata anapita, Abel osabwera. Febby anayamba kugula nsomba kwa ena n'kumagulitsa pa siteji ya basi, pafupi ndi chingwe chomwecho.

Tsopano pali chinthu chimene muyenera kudziwa. Lastone analeredwa mwa mwambo, ndipo kwawo mkamwini sapenya apongozi ake kumaso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Akafuna kuyankhulana, mawu amadzera mwa munthu wina, ndipo apongozi dzina la mkamwini salitchula. Ukwati wake ndi Ennie unakambidwa ndi ankhoswe, ndipo masiku ochepa amene anakhala kumudzi kwa mkazi wake, iye ankangoona nsana wa aNaphiri ndi mpango wawo. Ulemu umenewu ankaunyadira. Kunena mosabisa, apongozi ake sankawadziwa nkhope.

Mtedza unakhwima msanga chaka chimenecho. Tsiku lina Lamlungu masana, Lastone ali pachingwe ndi nsalu yofiira ya komiti pamkono, m'basi ya ku Lusaka munatsika mayi wachikulire atasenza mtolo.

"Imwe amai, imani apo. Muyenda kuti?"

Mayiwo anali aNaphiri, ndipo anamuzindikira nthawi yomweyo, pakuti palibe apongozi amene sanasuzumirepo mkamwini wawo pa mpata wa mpanda. Anachita chimene mayi waulemu aliyense akanachita. Anatula mtolo, nagwada chotembenukira kumbali, nakokera mpango kumaso.

Lastone anaona zina. Anaona munthu wobisa nkhope.

"Nakufunsani, muyenda kwa ndani? Tchulani zina."

Mayiwo anakhala chete. Akanayankha bwanji mkamwini maso ndi maso pakati pa anthu, ndi kutchula dzina lake lomwe? Lastone analamula kuti mtolo umasulidwe. Munatuluka mtedza, ufa wa mawere, nsalu zakale zochapa bwino, ndi mizu yomangidwa ndi luzi, ya mtundu umene amayi amasungira mwana wawo wapakati ndipo mwamuna sayenera kuiona. Zonsezo anaziyala pafumbi, anthu akuonerera. ANaphiri anakodola Febby, amene anali mkazi yekhayo pafupi, namunong'oneza m'khutu. Febby anagwira pakamwa.

"Ba tcheyamani, aba amai..."

"Iwe Febby, ufuna kukonkha mwamuna wako? Kamba liu limozi chabe, uone."

Febby anali ndi ana kunyumba. Anatseka pakamwa, nayamba kulonga nsomba zake m'beseni. Galimoto ya polisi inabwera, mayiwo anakwezedwa, ndipo Lastone anatsala pachingwe akufotokozera anzake mmene munthu wochenjera amazindikirira kazitape, ati masiku ano amatuma ngakhale nkhalamba.

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka, akuimba mluzu. Anapeza Febby atakhala pamphasa, ndipo Ennie ataimirira pakhomo, dzanja limodzi kumsana, misozi ikutsika.

"Mwapeleka amama ku polisi," anatero Ennie. Sanakweze mawu. "Amama anga, amene nakhala niyembekezela. Mizu yanga mwaiyanika pa siteji ya basi. Nikataya na uyu mwana, muzakamba chani?"

Manyazi amene anagwira Lastone anali oti munthu angakonde nthaka itang'ambika. Njinga anaikwera ngati wothawa moto, nafika ku polisi thukuta lili kamukamu.

Mkulu wa polisi anamumvetsera mpaka kumapeto, akusewera ndi chipewa chake.

"Mukamba kuti ni apongozi banu, koma ndimwe munabaleta kuti ni sipai. Manje tikhulupilile viti? Munthu akangena pa nkhani ya chitetezo, sitimuchosa mpaka bakulu ba ku Lusaka babwele kumufunsa."

"Bwana, nine tcheyamani. Nibaziba aba amai."

"Ndiye kuti mwabwela kubakambilako." Mkuluyo anamwetulira pang'ono. "Ba Sakala, lamulo ija munaleta mweka, ise tinaikonda. Vulani nsapato na lamba."

Chitseko chitatsekedwa, Lastone anaima m'chipinda chamdima chonunkha thukuta, osadziwa poponda. Munthu wina woonda, wa ndevu zosameta, anasendera kukhoma n'kumusiyira malo. Anali Abel.

"Nkhalani apa, pamangenako mphepo," anatero msodziyo.

Lastone anakhala, maso ali pansi. Patapita nthawi anafunsa ndi mawu aang'ono, osafanana ndi a pachingwe aja. "Bakulu ba ku Lusaka bamabwela liti?"

"Kaya. Ine nikali kubayembekezela. Koma musade nkhawa, ngati mulibe mulandu muzachoka."

Abel sanaseke ponena zimenezo, ndipo n'chifukwa chake zinalasa kwambiri.

Amene anamasula mfundo imeneyi sanali amuna. M'mawa mwake Febby, yemwe anali ndi chifukwa chokwanira chokhalira phee n'kumaonerera, anazungulira msika wonse. Amayi a nsomba, a tomato ndi a makala anasiya malonda awo, nayenda gulu limodzi mpaka ku polisi, Ennie ali patsogolo ndi mimba yake. Anakhala pansi pabwalo, miyendo atatambasula.

"Tabwela kukambilako amai baja," anatero Febby. "Tonse. Ngati ni mulandu, tigwileni tonse."

Mkulu wa polisi anayang'ana khamulo, nayang'ana tizipinda take tiwiri, nayang'ananso Ennie amene anali atayamba kuluma mlomo ndi kugwira m'chiuno. Anaona kuti za ku Lusaka zingadikire koma izi sizidikira. ANaphiri anatulutsidwa, ndipo sanafunse n'komwe za mtedza wawo. Anangogwira mwana wawo pamkono, amayi onse nawaperekeza ku chipatala. Dzuwa lisanalowe kunabadwa mwana wamkazi wonenepa, wolira mwamphamvu, ndipo agogo ake anamutcha Mwaiwathu.

Bambo wa mwanayo uthenga anaumvera pa kazenera ka chitseko. Analira, Abel namugwira paphewa. Anakhalamo mpaka mchombo wa mwana unagwa. Akuluakulu a ku Lusaka atafika, anafunsa mafunso ochepa, naseka nkhani ya apongozi mpaka kupukuta misozi, nawauza onse awiri kuti azipita. Abel anapeza maukonde ake ataola. Lastone anamugulira ena osauzidwa ndi munthu, ndipo pamsonkhano wotsatira anapempha kuti kulondera mlatho kupitirire koma zogwira anthu popanda wowayankhulira zithe. Mawu ake tsiku limenelo sanamveke kutali, koma anthu anawamva.

Chovuta chinatsala kunyumba. Lastone anagula nkhuku yoyera ndi chitenje, nakhala pakhonde chofulatira, Ennie ali pakhomo kunyamula mawu. Anapepesa nthawi yaitali, mawu akumuthawa. Apongoziwo anali m'nyumba ndi kamwana. Kenaka aNaphiri anayankha, ndipo anayankha mokweza kuti asavutike wowatumizira.

"Uwauze atate a Mwaiwathu kuti nkhuku ndalandira, mlandu watha. Ine ndinagona usiku umodzi wokha, ndipo anthu anandibwerera. Koma uwafunse kuti pamene mwana wa eni uja, Abel, anagonamo masabata onse aja, iwo ankadya bwanji nshima n'kukhuta."

Ennie sanabwereze. Lastone anali atamva yekha.

Masiku anabwerera m'malo mwake. Nsolo inayambanso pansi pa mtengo, Loweruka nsomba za Abel zinkanunkhira m'nyumba zonse ziwiri, ndipo Mwaiwathu anakula, nayamba kuyenda pogwira chitenje cha Febby. Lastone anakhalabe munthu wokonda kuyankhula, pakuti chibadwa sichichoka ndi sopo. Koma wina akati wakutiwakuti wagwidwa, ndiye kuti walakwa, iye ankayamba wafunsa kuti wamuyankhulira ndani. Anali ataphunzira ndi thupi lake, lamba ali m'manja mwa wapolisi, chimene akulu ananena kalekale: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.