Ana Khumi a Nguluwe

Kalekale, koma osati kale kwambiri, pakuti mafoni anali atafika kale kuthengo, kunali sukulu ya mkombaphala pansi pa mkuyu. Mphunzitsi wake anali Nkhanga. Malo analipo makumi awiri okha, chifukwa mphika wa phala unali umodzi ndipo mphasa zinali zinayi.

Chaka chilichonse tsiku lolembetsa ana linkatha ndi ndewu. Amphamvu ankakankha, aang'ono ankapondedwa. Nkhanga atatopa nazo anapita kutauni, nabwerako ndi nzeru ina.

"Chaka chino kulibe mzere," anatero. "Kholo litumize dzina la mwana pa foni. Makina alemba mayina monga afikira. Malo akadzaza, otsala adikira pa mndandanda. Wina akachoka, wotsatira alowa."

Amene anakondwa koposa anali Nanzikambe. Ana inu mukuwadziwa mayendedwe ake: phazi kutsogolo, kuganiza, phazi kumbuyo, kuganizanso. Zaka ziwiri zotsatizana anafika pa mzere anzake atabalalika kale. Mwana wake, Fatsani, ankangokhala pa nthambi ya mkuyu kumvetsera anzake akuyimba pansi, iye n'kumatsatira ndi milomo yokha. Anali ndi kambale kake ka chigoba cha nkhono. Ankakatsuka m'mawa uliwonse, ngakhale kanali kasanalawepo phala la kusukulu.

"Chaka chino ulowa, mwanawe," anatero mayi ake. "Foni ilibe miyendo."

Koma ngakhale mauthenga ankafika paliponse, netiweki yotumizira m'thengo monsemo inkagwira pamalo amodzi, pamwamba pa chulu. Tsiku lolembetsa, tambala asanalire kachiwiri, Nguluwe anakwera pachulupo, nakhala phwata. Nguluwe anali ndi mwana mmodzi, dzina lake Mwandida. Anamulemba. Kenako anakumbukira fungo la phala lothira nsinjiro, malovu nadzaza m'kamwa. Analemba dzina lachiwiri. Analemba lachitatu. Mayina atamuthera m'mutu anayamba kutchula zimene maso ake ankaona: Mtambo, Mwala, Chitsa. Ena pofotokoza nthanoyi amati analemba ana zana. Amenewo amachulutsa mchere. Analemba khumi, mmodzi weniweni, asanu ndi anayi a m'mimba mwake.

Nanzikambe anafika pachulu dzuwa litapendeka. Anadina kafoni kake ka mabatani, nadikira. Tii-tii. "Malo adzaza. Mwana wanu ndi wachisanu ndi chinayi pa mndandanda."

"Pepani, mayi a Fatsani," anatero Nguluwe akutsika. "Makina sanama."

Sukulu inatsegulidwa. M'mawa uliwonse Nguluwe ankabwera ndi Mwandida kudzanja limodzi, kudzanja linalo mbale zisanu ndi zinayi.

"Nanga anzake ali kuti, bambo a Mwandida?" anafunsa Nkhanga.

"Chifuwa, aphunzitsi. Onse ali gone. Ingondithirirani phala lawo ndikawapatse."

Nkhanga anayang'ana pa foni, mayina alipo. Anayang'ana mano a Nguluwe, nawonso alipo. Anathira phala.

Tsiku lachinayi Nanzikambe anali pa chitsamba kuseri kwa chulu, thupi lake litasanduka ngati tsamba. Anaona Nguluwe akuyala mbale zija pansi. Khwapu, khwapu, khwapu, zonse psiti. Nguluwe ananyambita mphuno, nagona chagada.

Madzulo Fatsani anafunsa, "Amayi, kodi ana odwala aja akachira, ine ndiye sindidzalowa?"

Nanzikambe anatembenuza diso limodzi kwa mwana wake, linalo kuchulu. "Tsuka kambale kako," anatero. "Usasiye."

Loweruka kunali msonkhano wa makolo. Nanzikambe ananyamuka Lachisanu kuti afike pa nthawi yake. Atapatsidwa mpata sananene za mbale ayi.

"Aphunzitsi athuwa aonda," anayamba motero. "Kutunga madzi okha, nkhuni okha, kuphika okha. Kale mwana aliyense anali ndi tsiku lake, kholo lake n'kubwera kudzagwira ntchito. Mwambo umenewu unafera kuti?"

"Unafera pa mkangano," anayankha Gologolo. "Aliyense ankati tsiku lake ndi mawa."

"Nanga makinawa sangasunge masiku? Ine mwana wanga sali pano, ndangofunsa. Koma a Nguluwe anandiphunzitsa kuti makina sanama."

"Zoona zimenezo," anatero Nguluwe, chifuwa chili patsogolo. Sanamve bwino chiyambi cha nkhani, pakuti ankasinza. "Sanama."

Makolo anaomba m'manja. Nkhanga anadina, makina nagawa masiku, dzina lililonse tsiku lake, kuyambira mayina a Nguluwe.

Lolemba m'mamawa, tii-tii. "Bambo a Mwandida, lero ndi tsiku lanu." Nguluwe anatsikira kuchitsime kasanu, anawaza nkhuni, anatakasa phala utsi uli m'maso, anatsuka mbale, anamina ana a Mbira mamina. Anafika kwawo wefuwefu, nati bola zatha.

Lachiwiri, tii-tii. "Bambo a Mtambo, lero ndi tsiku lanu."

Lachitatu, tii-tii. "Bambo a Mwala."

Anabisa foni mu nkhokwe. Makina anatumiza uthenga kwa Nkhanga, Nkhanga natuma Gologolo kukagogoda. Ndipo wophika pa sukulupo sachoka mpaka mphika utatsukidwa, choncho phala la odwala lija ankalidya litazizira, lili gwa ngati dothi la pachulu.

Lachisanu anapeza Nanzikambe panjira ya kuchitsime. Anatula ndowa, nayang'ana uku ndi uku.

"Mayi a Fatsani, inu mumadziwa za mafonizi. Dzina amalichotsa bwanji?"

"Mwachitanji, bambo? Maliro?"

"Ayi, ayi. Asamuka. Amalume awo awatenga."

"Onse?"

"Ambiri."

Nanzikambe anamusonyeza podina. Nguluwe anakwera pachulu. Anachotsa Mtambo, ndipo kutsidya kwa dambo kunamveka tii-tii, kenako nthungululu ya mayi Chule. Anachotsa Mwala, tii-tii kwa a Mende. Anachotsa, anachotsa, mpaka asanu ndi atatu. Atafika pa Chitsa anaima.

"Uyu yekha atsale," anatero. "Masiku awiri pa mwezi ndikwanitsa. Mbale imodzi yapadera si tchimo."

Mawu omalizawo anangowanong'ona, koma Nanzikambe anamva. Foni yake inalira: "Mwana wanu ndi woyamba pa mndandanda." Woyamba, koma kunja. Madzulo amenewo Fatsani anamva kuti anzake onse odikira alowa. Sanalire. Anangotenga kambale kake nakakankhira pansi pa tsamba.

Nanzikambe sanadye. Kutacha anayamba ulendo, phazi kutsogolo, kuganiza, phazi kutsogolonso. Lolemba anapeza Nguluwe pa sukulu akulandiritsa mbale ya Chitsa.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Chitsa? Nanga odwala?"

"Pang'onopang'ono."

"Sabata yachitatu tsopano. Ife amayi tachita manyazi. Mwana wa pa sukulu pathu kudwala chonchi, ife osakamuzonda? Ndayankhula ndi anzanga. Mawa tibwera tonse, ndi aphunzitsi omwe. Tidzamuone mwanayo, tidzawapepesenso mayi ake."

Nguluwe anatula mbale pansi.

"Mayi ake?"

"Eya, akazi anu. Si ndiwo anabereka? Kapena Chitsa ndi wa nyumba ina?" Nanzikambe anatsitsa mawu. "Ngati ndi choncho tiuzeni, bambo, tingakalakwitse polonjera."

Tsono akuluakulu muli panonu mukudziwa. Nguluwe anali mkamwini. Nyumba inali ya mkazi wake, munda wa mkazi wake, nkhokwe ija anabisamo foni ya mkazi wakenso. Ndipo mayi a Mwandida ankadziwa kuwerenga ana awo: mmodzi. Akanamva kuti ku mkombaphala kuli Chitsa mwana wa Nguluwe, mwamunayo akanapeza mphasa yake ili panja dzuwa lisanalowe.

"Musavutike," anatero Nguluwe. "Wachira."

"Tithokoze Mulungu. Ndiye abwera mawa kusukulu?"

"Wasamuka."

"Liti?"

"Pompano."

Sindinaonepo nguluwe ikukwera chulu mothamanga, koma amene anaona akuti fumbi linali koboo. Nanzikambe anakhala pansi pa mkuyu, kafoni kali m'manja, maso onse awiri pamalo amodzi, zimene sachita kawirikawiri.

Tii-tii. "Fatsani walandiridwa. Malo ake amudikira."

Anawerenga kawiri. Mawu akuti amudikirawo anawawerenga katatu.

M'mawa mwake anatuluka mwana ali kumbuyo, kambale katatsukidwa mbee. Anafika mochedwa, monga mwa masiku onse. Nyimbo yoyamba inali itatha. Koma pamphasa, pakati pa mwana wa Chule ndi Mwandida, panali kampata, ndipo palibe amene anakhalapo.

"Ndiwe Fatsani?" anafunsa Mwandida. "Khala apa. Nyimbo ndikuphunzitsa."

"Ndimazidziwa," anayankha Fatsani chapansipansi. Ndipo Nkhanga atayambitsa yachiwiri, anayimba yonse osaphonya liwu. Mayi ake anatembenukira kumbali, thupi lawo likusintha mitundu imene ngakhale iwo sankaidziwa.

Tsikulo pa makina linali likadali la dzina lochotsedwa lija, la Chitsa, ndiye linagwera mwini malo watsopano. Nanzikambe anatenga ndowa kuti ayambe wa kuchitsime. Nguluwe, amene anaperekeza Mwandida, anamuyang'ana, nayang'ana mtunda wa kuchitsime, nayang'ana ana makumi awiri ndi mbale zawo.

"Mukapita inu, anawa adya mawa," anatero ali ndwii. "Bweretsani ndowayo."

Anatunga, anawaza nkhuni, anatakasa. Masiku aja anali atamuphunzitsa, phala lake silinkachitanso mibulu. Pothira anafika pa kambale ka nkhono, nadzazitsa mpaka m'milomo.

"Za Chitsa zija," ananong'ona, "kunyumba zisafike."

"Chitsa wake uti?" anafunsa Nanzikambe. "Pa makina palibe dzina limenelo."

Kuyambira pamenepo Nkhanga anawonjezera lamulo limodzi: dzina lilowe pa foni, koma mwana aonekere pamphasa. Ndipo Nguluwe mpaka lero akamva tii-tii amadzidzimuka, n'kuyamba kufwenkha pansi ndi mphuno ngati akufuna pobisa kanthu.

Makina sanamadi, ana inu. Amangosunga bodza limene wawapatsa, n'kumakubwezera m'mawa uliwonse pamodzi ndi ndowa. Nthano yanga yatsukidwa mphika pomwepa. Amene ali ndi mbatata paphulusa akaphule, koma awerenge bwino ana ake asanagawe.