Mpunga Wotalika ndi Mpunga Wodikira

Panali munthu wina wolima mpunga kudambo, m'mbali mwa mtsinje. Anali ndi mbewu zamitundu iwiri, ndipo ankaziwoka padera, uwu kuno, uwu uko.

Mpunga wina unali wosakhazikika. Madzi akangoufika m'khosi, unkatalika msangamsanga kuti nsonga zake zizipuma pamwamba. Winawo unali waufupi, wosatekeseka. Madzi akaumiza, unkangoti zii pansi pomwepo, osakula, kusunga mphamvu mpaka madziwo atapita.

Chaka china mtsinje unasefukira mwadzidzidzi, dambo lonse osaonekanso. Munthu uja anakwera pachulu, mtima uli m'mwamba, poti chakudya cha banja lake chonse chinali pansi pa madziwo. Patapita masiku owerengeka, madzi anaphwa. Mpunga wautali uja unali utathera mphamvu pothamangira kumwamba, ndipo unalibenso chotsamira. Unagwa m'matope n'kuwola. Waufupi uja unadzuka, n'kubereka mpaka matumba kuchepa.

Apa ndi pamene munthuyo anayamba kudziyesa katswiri wa madzi. Pa Khirisimasi anatulutsa mtsuko wa mbewu ya mpunga wautali, n'kuuika pamaso pa mkazi wake.

"Sinjani uwu, ana adye."

"Bambo ake Ndaziona, imeneyotu ndi mbewu. Yatsala yomweyo."

"Mbewu yanji yogwa ngati woledzera? Ndinaiona ndi maso angawa. Sinjani."

Mayiyo anasinja. Anadyera nkhuku, ndipo unali wokoma, zimenezo sindikana. Munda wonse anawokamo waufupi wokhawokha.

Chaka chimenecho madzi anabwera mwamtundu wina. Sanachite phokoso. Ankangokwera pang'onopang'ono, lero m'kakolo, mawa m'mawondo, mpaka mpunga unamira. Munthu uja ankazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti aone ngati ayamba kubwerera. Kukacha, ankapeza kamtengoko kamiranso.

"Musadandaule," ankauza mkazi wake. "Ukudikira. Ndi mmene umachitira."

Mayiyo anayamba kuchepetsa chakudya mumphika. Mwamunayo anaona, ndipo naye mantha anamugwira. Ankapita kudambo kawirikawiri, kumangoyang'ana madzi ngati amuuza kanthu.

Mpungawo unadikiradi, poti china sunkachidziwa. Unadikira sabata, unadikira inzake, madzi osasuntha. Kenako kudambo kunayamba kumveka fungo. Munthuyo analowa m'madzi mpaka m'chiuno, n'kupisa dzanja pansi. Anazula phata lakuda, loterera, lothothoka lokha.

Atadzutsa mutu, anaona munda wa mnzake kuseri kwa malire. Pamwamba pa madzi panali nsonga zobiriwira, munda wonse. Unali mpunga wautali womwewo. Madzi akakwera, nawo unkakwera.

Anaima pomwepo nthawi yaitali, phata lowola lili m'manja. Kunyumba kunali ana, ndipo mbewu imene ikanawadyetsa chaka chimenecho anali ataisinjitsa yekha.

Tsono inu makolo anzanga, nkhaniyi ndaikamba chifukwa ndikuchita mantha ndi zimene ndikuona m'makomo mwathu. Muli ndi mwana wofatsa, wopirira, amene mavuto akabwera amangokhala chete. Muli ndi wina wosakhazikika, amene amadzuka n'kumathamangathamanga, kufunsa uku, kuyesa uko. Poti mmodzi anakuthandizani pa vuto la chaka chatha, mwayamba kale kumutchula mnzakeyo wachabechabe. Ena mwamusiyitsa sukulu, ena mwangosiya kumulankhula.

Ine sindikudziwa mtundu wa madzi amene akubwera pakhomo panu, ndipo inunso simukudziwa. Mwana mukumutayayo mwina ndi yekhayo amene angadzatulutse mutu.