Nyimbo za Pamtondo za a Nangozo

Ana inu, khalani bwino, ndipo wakumapetoyo aleke kutafuna pensulo. Mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Wina unabadwira kudimba, wina pabwalo la milandu. Umene ndikupatseni lerowu ena amausimba mwina, koma ine ndinaumva motere.

Panali mtsikana wina dzina lake Ndaziona, wochokera m'mudzi wa kuseri kwa mapiri a Dedza. Anali m'chaka chomaliza ku yunivesite, kumene ankaphunzira za zilankhulo. Kuti alandire digiri anayenera kulemba kafukufuku wakewake, ndipo iye anasankha nyimbo za pamtondo, zija amayi ankaimba posinja chigayo chisanafike.

Tsiku lina aphunzitsi omuyang'anira, a Dokotala Chimbalanga, anamuitana mu ofesi.

"Za m'mabuku mwalemba bwino," anatero, "koma gawo lachinayi lilibe kanthu. Ndikufuna nyimbo zenizeni, zochokera pakamwa pa woimba. Kwatsala milungu isanu ndi umodzi. Mukapanda kubweretsa, tidzaonana chaka chamawa."

Woimbayo analipo. Anali a Nangozo, amayi ake aakulu, amene kale ankasinja mtondo umodzi ndi malemu amayi a Ndaziona. Awiriwo akagwira misi, ngakhale odutsa m'njira ankaima kumvetsera. Koma chiikire maliro a amayi ake, zaka zitatu zathunthu, Ndaziona anali asanapondeko kumudzi. Ankaopa kukaona nyumba yotseka ndi udzu womera pakhomo. Tchuthi chikafika anzake ankamanga zikwama, iye n'kutsala mu hositelo. Ankadya yekha, kupita ku laibulale yekha, ndipo masiku ena mawu okha amene ankalankhula anali oyankha moni wa mlonda wa pageti. Kunena mosabisa, mtsikanayu anali wosungulumwa, ndipo anali atazolowera moti ankayesa moyo ndi womwewo.

Tsono anachita zimene ambirife timachita mantha akatigwira: anafuna womutuma. Mwana wa a Nangozo, Esinati, anali kuchidikiro kuchipatala, choncho Ndaziona anaimbira mwamuna wa Esinatiyo, a Lufeyo.

"Alamu, foni yanu ija imajambula mawu. Kandimverereni nyimbo kwa amayi aakulu, mundijambulire zonse."

"Zazing'ono zimenezo, alamu," anayankha a Lufeyo. "Inu limbikirani sukulu. Kuno tiliko ife."

Taonani, ana inu. Munthu wophunzira miyambo zaka zinayi anaiwala chinthu chimene aliyense wokulira kumudzi amachidziwa. A Lufeyo anali mkamwini pakhomo paja. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana m'maso, salankhulana momasuka. Nanga nyimbo za pamtondo si zambiri zimaseka akamwini omwewo, ulesi wawo ndi madyedwe awo? Komanso nyimbo zimenezi saimba chokhala pamphasa. Zimafuna musi m'manja ndi mnzako wolandira.

Panapita milungu itatu mawu asanafike pa foni ya Ndaziona. Atafika, mawuwo anali a ola lathunthu, ndipo mtsikanayo anakondwa. Anakakhala pangodya ya laibulale, cholembera m'manja, n'kuyamba kumvetsera. Anamva a Lufeyo akutsokomola, akufotokoza chimene abwerera, mawu akumveka kuti akhala patali ndithu. Pambuyo pake a Nangozo anaseka kaphwete kamanyazi.

"Iii, nyimbo ine ndinaiwala, bambo. Koma onani chiluwe ndikusankhachi. Maluwa a maungu sathyola onse ayi. Timathyola aamuna okha, aakazi timawasiya abereke."

"Eya, fotokozani zimenezo," anatero a Lufeyo, mawu awo akuonetsa kuti mtima wakhala pansi. "Ophunzira amafuna zoterezi."

Ola lonse linathera pamenepo: nthawi yothyola maluwa, kukutumula tizilombo tobisala m'kati, kuthira nsinjiro. Nyimbo ngakhale imodzi panalibe.

Ndaziona anawaimbira a Lufeyo nthawi yomweyo. "Alamu, nanga nyimbo zili kuti?"

"Aa, simunamve Chichewa chakuya chimene chija? Mulembe chomwecho, aphunzitsi akondwa."

Analira pomwepo, pakati pa mashelefu a mabuku, popanda womufunsa chimene chavuta. M'mawa mwake anakwera minibasi. Ulendo umene anauthawa zaka zitatu unali waufupi mochititsa manyazi, pakuti dzuwa lisanapendeke anali atafika.

Anamulandira ndi Esinati, khanda lili m'manja. Atapatsana moni, Esinati anayang'ana pansi.

"Amayi anagwa Lachiwiri kudimba. Mbali imodzi yafa. Tinati tisakusokoneze ndi sukulu."

A Nangozo anali atagona pamphasa m'nyumba, pakamwa patapotoka. Atamuona Ndaziona anamuzindikira, misozi n'kuyenderera m'makutu. Anayesa kulankhula, koma kunangotuluka kubuula. Kenaka dzanja lawo lamoyo lija linakwera m'mwamba n'kutsika, kukwera n'kutsika, monga amachitira munthu wogwira musi.

"Akuti chiyani, achemwali?" anafunsa Ndaziona.

Esinati sanamunyengerere. "Atamva kuti ukufuna nyimbo, anaviika mphale, anakabwereka musi wachiwiri. Ankati, 'Akabwera mwana wa mng'ono wanga adzaime pamene ankaima mayi wake, ndimuphunzitse zonse.' Tsiku ndi tsiku maso ali kunjira. Mphale inasasa, anaviika ina. Iwe osabwera, n'kutuma kandimverere. Nanga kandimverere wakoyo sanakanene za m'maluwa?"

Ndaziona anagwada, n'kugwira dzanja la a Nangozo lija mpaka linaleka kusinja.

A Nangozo sanaimbenso. Ndaziona anazungulira m'mudzi monse ndi foni, koma amayi ena ankangokumbukira zidutswa, uyu mzere umodzi, uyo mayimbidwe opanda mawu. Gawo lachinayi silinakwane. Tsiku limene anzake ankavala mikanjo ndi kujambulitsa ndi makolo awo, iye anali kuseri kwa nyumba ya a Nangozo, akusinja yekha ufa wa phala la wodwala.

Mawu a Esinati aja anawamva amayi amene anabwera kudzazonda matenda. Anapita nawo kumjigo, kuchokera kumjigo anafika kumsika, ndipo lero tonse timati: "Kandimverere anakanena za m'maluwa."

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Nkhani ikakhala yako, dzuka upite wekha. Wotumidwa nthawi zambiri sanama dala, ndipo a Lufeyo sanali munthu woipa. Koma wotumidwa amamva ndi makutu ake, sadziwa chimene mtima wako ukufuna, ndipo amabwera ndi chimene chinali chapafupi kutola. Komanso pali mawu ena amene anthu amasungira mwini wake yekha, sangawapereke kwa mthenga ngakhale atakhala tsiku lonse. Digiri Ndaziona anadzailandira chaka chotsatira, atalemba za nkhani ina. Koma nyimbo zija, pamodzi ndi za amayi ake, anapita nazo a Nangozo.