Miyala ya Nemesio

Amene anatsegulira nyanja chitseko cha pakhomo panga ndi mwamuna wanga yemwe, malemu Nemesio. Ndikumutchula dzina. Ngati zamuwawa, adzuke adzakane.

Chilumba chathu chinali chaching'ono ngati chikhatho, koma tinkakwanapo. Mphepo inkalowa m'mipata ya bango n'kumatigwedezera machila ogonamo, ndipo fungo la nsomba yowira mu msuzi wa kokonati linkaitana ana popanda wowakuwira. Ife tinabereka ana aakazi anayi, ndipo kwathu mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi. Akamwini anayi ukawagoneka pati?

Nemesio anatenga chitsulo ndi bwato, n'kumakagumula miyala ya pansi pa nyanja, ija inkaswa mafunde asanafike kwa ife. Ankaiunjika m'mphepete mwa bwalo n'kuthira mchenga pamwamba. Bwalo likukula, iye akunyada.

"Bambo a Briseida," ndinatero ine, "mukupasula mpanda kuti mumangire khonde?"

"Iwe soka mabulauzi akowo. Nyanja yonseyi ingadandaule timiyala timeneti?"

"Ikadzabwera kudzafuna malo ake, mudzaiphikira ndinu."

"Ndidzaipatsa mkamwini mmodzi," anatero akuseka. "Evelio, waulesi uja."

Nanenso ndinaseka, chitsiru ine. Pamalo atsopanowo tinakwirirapo mchombo wa mdzukulu wathu woyamba, Yariela, n'kudzalapo kokonati monga mwa mwambo. Mwana ndi mtengo wake anakulira limodzi. Nemesio ankapala nthochi pamthunzi pake, akuimba nyimbo zosatha bwino. Anamwalira mtengowo ukubala, akudziyesa munthu amene anagonjetsa nyanja.

Kenaka madzi anayamba kukwera. Aphunzitsi anati kumathero a dziko madzi oundana akusungunuka chifukwa cha utsi wa anthu a kutali. Mafunde a mu Novembala anapeza mpanda kulibe. Chaka choyamba ananyambita bwalo. Chachitatu analowa m'khitchini n'kuzimitsa moto, poto ali pamafuwa. Mtengo wa Yariela unayamba wachita chikasu, kenaka unagona chammbali, mizu ili m'mwamba.

Lero tili kumtunda, m'nyumba zamalata zofanana ngati mazira, mopanda mphepo, mopanda phokoso la mafunde. Evelio waulesi uja ndiye anandinyamula kundikweza m'bwato. Dzulo Yariela, amene tsopano ali ndi pathupi, anandifunsa kuti, "Agogo, mchombo wanga uli kuti? Wa mwanayu ndimafuna ukagone pafupi ndi wanga."

Ndinangoyang'ana kunyanja. Pamene panali madzi, madzi abwererapo. Akuluakulu sananame: madzi saiwala khwawa.

Wanga wolakwa ndamutchula, ngakhale ndimamusowa. Koma Nemesio anali ndi chitsulo ndi nkhafi basi. Madzi oundanawo sanawaonepo, nanga akanawasungunula ndi chiyani? Inu amene mukuwerenga, wanu mum'tchula liti? Ndiyankheni, Yariela akudikira.