Chinanazi cha M'bokosi la Agogo Mlongoti

Kalekale, koma osati kalekale lija nyama zinkayankhula ayi, kalekale la dzanadzanali njinga za kabaza zitangoyamba kunyamula anthu, m'mudzi wina kuseri kwa phiri munali nkhalamba dzina lawo a Mlongoti. Paunyamata wawo anakamenya nkhondo yaikulu ya azungu ija, ndipo pobwerako anabwera ndi bokosi lachitsulo. Bokosilo linkagona pansi pa bedi, loko ali gwa, kiyi ali pachingwe m'khosi mwa eni ake. Ukangoliyang'ana kawiri ankakuwa mpaka nkhuku kusiya mazira: "Maso kutsogolo, iwe!"

A Mlongoti anali ndi adzukulu atatu a mimba imodzi, onse akuluakulu: Malizani wokhoma ndowa, mlongo wake Ndaziona woumba mbiya, ndi chitsirizira chawo Zefaniya wa kabaza.

Tsiku lina Zefaniya ananyamula panjinga bambo wina wajekete, wogula zinthu zakale. Bamboyo ankayankhulira m'mphuno: "Makobiri obowola pakati ndikugula. Nyale za atsamunda ndikugula. Koma nsimbi yamakala yokhala ndi tambala pamwamba, achimwene, imodzi yokha mumanga nayo nyumba yamalata, mpaka galu wanu azigona pamatiresi!"

Zefaniya anafika kumudzi lilime lili panja. "Abale anga, tikufa ndi umphawi chuma chili pansi pa bedi! Titsegule bokosi lija, mwina muli nsimbi ya tambala."

M'mawa mwake agogo atalowa kubafa, anakoleka chingwe cha kiyi paudzu. Ndaziona anapisa dzanja kuseri n'kusolola. Atatu aja m'nyumba lowu, bokosi tsegu! Pamwamba jekete lodyedwa ndi njenjete. Pansi pake mamendulo. Pansi pa mamendulo, mayo ine, nsimbi, tambala wake ali njo! Zefaniya anayamba kuvina. Koma pakona panali sokosi yakale, ndipo m'sokosimo munali chitsulo cholemera chonga kachinanazi, chokhala ndi kamchira m'mbali ndi kamsomali ka mphete pamutu.

"Ana inu simudziwa zitsulo," anatero Malizani. "Zamtengo wapatali amazitsekera m'kati." Anachifumbata zolimba pamodzi ndi kamchira komwe, natenga pulayala, nakoka mphete ija. Kamsomali tswee, kutuluka.

Pakhomo panaima agogo, sopo ali m'khutu. Munthu amene chibadwire sananong'onepo, tsiku limenelo ananong'ona.

"Malizani, mdzukulu wanga wokondedwa, usatsegule dzanja limenelo."

Wokondedwa? A Mlongoti? Apo m'pamene onse anadziwa kuti zinthu zaipa.

Nkhalamba inayandikira monyang'ama, inalowetsa zala zake pansi pa zala za Malizani, inakanikiza kamchira kaja n'kulanda chitsulocho. "Ili ndi bomba la m'manja. Kamchira aka kakangodumpha, tonse atitolera m'lichero. Msomali uja uli kuti?"

Msomali? Malizani atamva mawu oti bomba anali atataya pulayala ndi msomali womwe kunja. Onse anacheuka, n'kuona bakha wa agogo akutambasula khosi, kwiti! Wameza. Kenako uyo, wa kudambo.

 Dzanja la agogo linayamba kutopa. Thukuta linkatsikira kuchibwano, dontho, dontho. Panja, pansi pa mtengo wa mango, ana a m'mudzi ankasewera fulaye.

"Thawani," anatero agogo. "Muthamangitse ana awo. Dzanja ili silifika masana."

Anthu atamva, mudzi wonse balala! Mayi wina anabereka mtondo n'kusiya mwana, anachita kubwerera panjira. Koma adzukulu atatu aja sanathawe.

Ndaziona anagwada. Manja ake okanda dongo aja anawakuta pamwamba pa dzanja la agogo, n'kufinya. Zala za nkhalamba zinafooka, zinazizira, zinalekeratu kugwira, moti chotsekereza imfa chinali manja a Ndaziona basi. Ntchentche inamutera pamphuno, osaiingitsa. Linthumbu linamukwera mwendo n'kumuluma malo oti sindingatchule pagulu, iye misozi mbwee, koma dzanja gwa! "Agogo, muziyang'ana ine, musayang'ane chinthucho," ankatero. Anagwira choncho mpaka mthunzi wa nkhokwe unalowa pansi pa nkhokwe.

Malizani anathamangira njinga ya Zefaniya, nadula sipoko imodzi, nayamba kuipala ndi tupa kuti ilowe m'malo mwa msomali uja. Anabwera nayo, nagona chafufumimba, mphuno yake kutsala pang'ono kukhudza bomba. Kabowo kake kochepa ngati diso la nsabwe. Sipoko yakana. Anakapalanso. Yakananso, dzimbiri n'kugwa, chinthucho n'kulira kuti "ke!" Agogo anatsinzina n'kuyamba kutchula mayina a anzawo amene anatsala kunkhondo. Kachitatu, Malizani anabaya. Lowu! Anapinda nsonga yake. Ndaziona anatsegula zala chimodzichimodzi. Zii. Sichinaphulike.

"Musasekerere," anatero agogo. "Mutu wake wadyeka ndi dzimbiri, waya ameneyu akugwedera. Chichoke m'mudzi muno, chikafike kwa asilikali."

Zefaniya analandira chitsulocho. Anachikulunga m'chitenje cha mlongo wake, nachimangirira pachifuwa ngati khanda, nakwera njinga. Msasa wa asilikali unali kutsidya kwa phiri, msewu wake maenje okhaokha, gudumu loperewera sipoko likuvina mbali iyi ndi iyi. Pabampu iliyonse ankamva kawaya kakugogoda nthiti: ke, ke, ke. Mbuzi zikadutsa ankazipepesa: "Zikomo amayi, ndidutse nawo." Munthu wina anamuimitsa kuti amunyamule, Zefaniya anangolira, "Ndanyamula kale abwana!" Atafika pachipata n'kumasula chitenje, msilikali wolondera, chimunthu chachitali ngati mlongoti weniweni, anadumphira m'ngalande. Akatswiri anabwera, anachitenga mwaulemu ngati mkwatibwi, nakachiphulitsira kuchigwa. Phuu! Kumudzi kuja mbiya za Ndaziona zinagubuduka, ndipo akuti bakha uja analavula msomali.

Madzulo dzuwa lisanalowe, agogo anakhala pakhonde, nsimbi ija ili pamiyendo.

"Bomba lija ndinalibisa ndine, zaka zonsezi ndikugona pamwamba pake. Uchitsiru umenewo ndi wanga. Koma nsimbi iyi ndipatsa mmodzi, amene wandipulumutsa. Tambala ndi mmodzi, sagawika."

"Ndikanatsegula manja, bwenzi pano tikukumba manda," anatero Ndaziona.

"Iwe, ukanagwira mpaka liti? Mpaka Khirisimasi?" anatero Malizani. "Watseka pakamwa pa imfa ndine."

"Mwatseka ndi sipoko ya yani, achimwene? Nanga waibereka pachifuwa ndani?" anatero Zefaniya. "Komanso anakoka msomali uja ndinu."

"Anaba kiyi ndi mlongo wakoyu!"

"Anabwera ndi nkhani ya galu wapamatiresi ndani?" anatero Ndaziona.

Agogo anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, nasisita tambala uja pamutu. Mpaka lero sanayankhe, ndipo bambo wajekete akungozungulirabe pamsika.

Tsono inu amene mwakhala chete ngati simunatsegulepo sutikesi ya agogo anu iwo ali kubafa, tiuzeni: nsimbi ya tambala ipite kwa yani? Kwa wakuba kiyi amene anafumbata imfa m'manja, kwa wozula msomali amene anaitseka pakamwa, kapena kwa wadyera amene anaibereka pachifuwa mpaka kutsidya kwa phiri?